Momwe mungawerengere nthawi imene apudeti ifike pa foni yotsika mtengo

Aliyense wokhala ndi foni yotsika mtengo anafunsapo funso ili: kodi Android watsopano afika liti pa foni yangayi? Mayankho opezeka pa intaneti nthawi zambiri amakhala mphekesera. Wina amati mwezi wamawa, wina amati sadzabwera n'komwe, ndipo onsewo satchula pomwe achitenga. Komatu nthawiyi imawerengeka. Tsiku lenileni simungalipeze, koma miyezi iwiri kapena itatu imene apudetiyo ingafikire mungaipeze, bola mukhale ndi zinthu zinayi: nambala yeniyeni ya mtundu wa foni yanu (model number, osati nambala yoimbira), lonjezo la kampani yopanga foniyo, mbiri ya foni imene inatsogola yanuyo, ndiponso tsiku limene kampaniyo yayamba kugawa Android watsopano chaka chimenecho.

Yambani n'kusiyanitsa maapudeti

Mawu oti apudeti amaphimba zinthu zitatu zosiyana, ndipo kusokoneza zitatuzi ndi kumene kumachititsa anthu ambiri kudikira chinthu chimene sichikubwera.

Choyamba ndi Android watsopano, monga kuchoka pa 14 kupita pa 15. Ameneyu amabwera kamodzi pachaka, ndipo pa mafoni otsika mtengo amafika mochedwa, mwinanso osafika. Chachiwiri ndi apudeti ya chitetezo, yotseka mipata imene akuba angalowere. Google imatulutsa ndandanda ya zokonza zimenezi mwezi uliwonse, koma kampani yopanga foni ndi imene imasankha kuti izitumiza kangati. Chachitatu ndi Google Play system update, imene inayamba ndi Android 10 mu 2019. Iyi imachokera ku Google mwachindunji, osadutsa kwa wopanga foni, ndipo imabwera ngakhale pa foni imene kampani yake inaisiya kale. Mukaona deti latsopano pamenepo musaganize kuti kampani ikuisamalabe foniyo.

Zonse zitatu zimaoneka mu Settings, pa About phone, kenaka Software information kapena Android version. Lembani papepala nambala ya Android, deti la pa Android security patch level, ndi mzere wonse wa Build number. Deti la chitetezolo limathera ndi 01 kapena 05, mwachitsanzo 2025-03-01. Limeneli si tsiku limene apudeti inalowa m'foni mwanu ayi, koma mwezi wa zokonza zimene zili m'katimo.

Dzina la pabokosi silikwanira

Mafoni awiri a dzina limodzi angathe kukhala osiyana kotheratu m'kati. Samsung Galaxy A15 ya 4G ili ndi purosesa (kachipangizo koyendetsa foni) ya MediaTek Helio G99 ndipo nambala yake imayamba ndi SM-A155, pamene Galaxy A15 5G ili ndi Dimensity 6100+ ndipo nambala yake imayamba ndi SM-A156. Galaxy A14 5G inatuluka ndi Exynos 1330 m'maiko ena, Dimensity 700 m'maiko ena. Purosesa iliyonse imafuna pulogalamu yakeyake, yoyesedwa payokha, choncho kumva kuti "A15 yalandira" sikukuuzani kanthu mpaka mutadziwa kuti ndi A15 iti.

Pamwamba pa nambala ya foni pali chizindikiro cha dera. Pa Samsung ndi zilembo zitatu zotchedwa CSC, zimene zimaoneka pa mzere wa Service provider software version. Pa mafoni a Xiaomi, Redmi ndi Poco dera lili m'zilembo za kumapeto kwa nambala ya pulogalamu: MI ndi ya msika wa dziko lonse, EU ya ku Ulaya, IN ya ku India, CN ya ku China. Apudeti imatsatira chizindikiro chimenechi kuposa malo amene mwaima. Foni yogulidwa m'dziko lina n'kudzagwiritsidwa ntchito kwina kawirikawiri imadikirabe ndandanda ya kumene inachokera. Ngati inagulitsidwa kudzera ku kampani ya netiweki, imadikiranso kuti kampaniyo iyese n'kuvomereza, zomwe zimawonjezera masabata angapo.

Pa Samsung, Build number yokha imanena zambiri kwa wodziwa kuiwerenga. Tiyerekeze kuti yanu ikuthera ndi A155FXXU2BYD3. Zilembo zisanu zoyamba ndi foniyo. XX ndi gulu la dera. U akusonyeza apudeti yokhala ndi zosintha zina, pamene S akadasonyeza ya chitetezo chokha. Nambala yotsatira, 2 pamenepa, ndi ya bootloader, kapulogalamu koyatsa foni Android asanayambe, ndipo ikakwera simungabwererenso ku pulogalamu ya nambala yotsika. B akusonyeza kuti pulogalamu yaikulu yasinthapo kamodzi, chifukwa foni imatuluka ili pa A. Y ndi chaka: W ndi 2023, X ndi 2024, Y ndi 2025. D ndi mwezi, kuwerenga A ngati Januwale mpaka L ngati Disembala, ndiye kuti D ndi Epulo. Nambala yomaliza ndi kangati pulogalamuyo yamangidwa mwezi umenewo. Phindu la kudziwa zimenezi ndi ili: mukamva kuti kampani ikuyesa pulogalamu ya foni yanu, yang'anani chilembo cha pambuyo pa nambala ya bootloader. Chikachoka pa B kupita pa C, chinthu chachikulu chili m'njira. Chikapanda kusintha, ndi apudeti wamba. Chenjerani pang'ono, chifukwa chilembochi chimakweranso nthawi zina One UI, pulogalamu imene Samsung imaika pamwamba pa Android, ikasintha kwambiri koma Android ali yemweyo.

Pa Xiaomi, chilembo choyamba cha gulu la zilembo za kumapetolo ndi chimene chimatchula Android: T ndi 13, U ndi 14, V ndi 15. Izi n'zofunika chifukwa foni ikhoza kulandira HyperOS (pulogalamu imene Xiaomi imaika pamwamba pa Android) watsopano koma Android wapansi pake osasintha.

Lonjezo la kampani, ndi momwe limawerengedwera

Musanawerenge za liti, tsimikizani kuti apudetiyo idzabwera n'komwe. Makampani ambiri tsopano amanena kuti foni idzalandira Android watsopano kangati ndiponso chitetezo kwa zaka zingati. Galaxy A14 inalonjezedwa Android watsopano kawiri ndi chitetezo cha zaka zinayi. Galaxy A15 inalonjezedwa kanayi ndi zaka zisanu. Galaxy A16 5G, yotuluka mu Okutobala 2024, inalonjezedwa kasanu ndi kamodzi, ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pixel 8a, foni ya Google ya mu 2024, inalonjezedwa zaka zisanu ndi ziwiri. Kumbali ina, mafoni ambiri a Moto G a zaka zapitazi ankalandira Android watsopano kamodzi kokha, ndipo mafoni ochuluka otsikitsitsa mtengo, makamaka a Android Go (Android wopepuka wa mafoni ochepa mphamvu), amatha moyo wawo wonse ali pa Android amene anabadwa naye.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba: zaka zimawerengedwa kuchokera tsiku limene foniyo inatuluka koyamba pamsika, osati tsiku limene inuyo munaigula. Foni ya lonjezo la zaka zinayi imene mwaigula patatha zaka ziwiri yatsala ndi zaka ziwiri basi. Wachiwiri: Android amawerengedwa kuchokera pa amene foniyo inatuluka naye. A14 inatuluka ndi 13, ndiye kawiri kake kanathera pa 15. Foni ikatuluka ndi Android wakale pamene watsopano alipo kale, apudeti yake yoyamba imangoifikitsa pamene inayenera kuyambira, ndipo lonjezo la kawiri limasanduka la kamodzi.

Lonjezoli lifunefuneni pa tsamba la kampani yeniyeniyo, osati pa chikalata cha wogulitsa. Samsung ili ndi tsamba la chitetezo losonyeza mafoni olandira zokonza mwezi uliwonse ndi olandira pa miyezi itatu iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri panalinso gulu lolandira kawiri pachaka. Foni ikamakalamba imatsitsidwa gulu, kenaka n'kuchotsedwa. Xiaomi imasindikiza ndandanda ya mafoni amene yasiya kuwasamala. Ngati foniyo imagulitsidwanso ku United Kingdom, pali thandizo lina: kuyambira pa 29 Epulo 2024 lamulo la kumeneko limakakamiza opanga zipangizo zolumikizana ndi intaneti kulengeza nthawi imene azitumiza zokonza za chitetezo. Ku European Union, lamulo loyamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025 limafuna kuti mafoni atsopano azikhala ndi maapudeti kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene asiya kugulitsidwa. Malamulowa amakhudza mafoni ogulitsidwa kumeneko, koma ngati nambala ya foni yanu ndi yofanana ndi yogulitsidwa m'maikowo, mwayi ndi waukulu kuti pulogalamu yomweyo idzakufikani.

Ngati mwafufuza paliponse ndipo kampani sinalonjeze chilichonse, werengani ngati yankho ndi ayi. Kampani yofuna kutumiza Android watsopano imazilengeza mokweza, chifukwa zimagulitsa foni.

Chifukwa chake yotsika mtengo imakhala kumapeto kwa mzere

Google ikatulutsa Android, pulogalamuyo singalowe m'foni momwe ililimo. Imapita kaye kwa opanga mapurosesa, monga Qualcomm, MediaTek ndi Unisoc, kuti aigwirizanitse ndi kamera, netiweki ndi zina zonse za purosesa iliyonse. Kenaka wopanga foni amaikapo zakezake, monga One UI kapena HyperOS, n'kuyesa foni iliyonse payokha. Pambuyo pake pali mayeso a Google ofunika kuti foni ikhalebe ndi Play Store, ndipo kwina pali mayeso a makampani a netiweki. Kuyambira Android 8 mu 2017, Project Treble inalekanitsa mbali ya purosesa ndi mbali ya pamwamba, zomwe zinafupikitsa ntchitoyi, koma sizinachotse mzerewo.

Ogwira ntchitoyi ndi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa mafoni, choncho amayamba ndi obweretsa phindu lalikulu. Dongosolo limakhala lomwelo chaka ndi chaka: mafoni apamwamba a chaka chino, apamwamba a chaka chatha, apakati, kenaka otsika mtengo, kuyambira atsopano kumalizira akale. Palinso vuto la mphamvu. Foni ya RAM ya 3 GB kapena 4 GB imafuna kuti pulogalamu ichepetsedwe ndi kuyesedwa kwambiri kuti isamaime, ndipo zinthu zina zimene munaziona pa foni yapamwamba zimachotsedwa. Ngati wopanga purosesa wasiya kuisamala, kampani ya foni iyenera kulipira kapena kudzichitira yokha, ndipo pa foni ya phindu lochepa kawirikawiri imangosiya.

Kuwerenga kwenikweni

Cholakwa chachikulu n'kuwerengera kuchokera tsiku la Google. Taonani zimene zinachitika. Android 14 anatuluka pa 4 Okutobala 2023, ndipo Galaxy S23, foni yapamwamba ya Samsung panthawiyo, inayamba kumulandira kumapeto kwa mwezi womwewo. Android 15 anafika pa mafoni a Pixel mu Okutobala 2024, koma Galaxy S24 inayamba kulandira One UI 7, yokhala ndi Android 15yo, mu Epulo 2025, patatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Android 16 anatuluka mu Juni 2025, ndipo Galaxy S25 inamulandira mu Seputembala. Wowerengera kuchokera pa tsiku la Google akadaphonya zaka zonse zitatu. Chimene sichisinthasintha kwambiri ndi mpata wa pakati pa foni yapamwamba ya kampani ndi foni yake yotsika mtengo. Umenewo ndiwo muyeze.

Chitani motere. Pezani foni imene inali pamalo a yanuyo chaka chatha, kutanthauza ya mndandanda womwewo ndi msinkhu womwewo. Ngati yanu ili ndi chaka chimodzi, fanizirani ndi imene inali ndi chaka chimodzi panthawiyo, osati imene inali itangotuluka. Fufuzani tsiku limene foni yapamwamba ya kampaniyo inayamba kulandira Android wa chaka chatha, ndi tsiku limene foni yofanizirayo inayamba kulandira. Werengani masabata a pakati. Bwerezani ndi chaka cha dzana kuti mukhale ndi manambala awiri. Tiyerekeze kuti chaka china panadutsa masabata asanu ndi atatu, chaka china masabata khumi ndi awiri. Foni yapamwamba ikayamba kulandira chaka chino, onjezerani masabata asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri. Imeneyo ndi nthawi imene apudeti iyambe kwinakwake padziko. Kuti ifike ku dera lanu, onjezeraninso masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi. Ngati iyi ndi apudeti yomaliza pa lonjezo la foni yanu, tengani nambala yaikuluyo, chifukwa foni yotsanzikidwa simathamangiridwa.

Kampani ikatulutsa ndandanda yake ya miyezi, monga momwe Samsung imachitira mu pulogalamu ya Samsung Members, itengeni m'malo mwa kuwerenga kwanu, koma onetsetsani kuti ndi ya dera la foni yanu. Ndandanda zotere zimatchula mwezi, osati tsiku, ndipo zimasunthika.

Zizindikiro zoti yayandikira zilipo zodalirika ndi zosadalirika. Chodalirika kwambiri ndi munthu wa nambala ya foni yofanana ndi yanu kusonyeza chithunzi cha sikirini chooneka Build number yonse. Chotsatira ndi foni yanu kuoneka pa tsamba la Wi-Fi Alliance, bungwe lovomereza zipangizo za Wi-Fi, ili ndi nambala ya Android watsopano, kapena buku la malangizo pa tsamba la kampani kusinthidwa kuti litchule Android ameneyo. Zotsatira za Geekbench, pulogalamu yoyeza mphamvu ya foni, zimasonyeza kuti winawake akuyesa, koma n'zosavuta kupeka, ndipo kuyesa kungathe kutenga miyezi. Nkhani zolemba mndandanda wa "mafoni oyembekezeka kulandira" popanda mawu a kampani ndi maganizo a wolemba chabe.

Anzanu alandira, inu ayi

Apudeti imagawidwa m'magulu. Kampani imayamba ndi mafoni ochepa, n'kuona ngati pabuka vuto, kenaka n'kuwonjezera. Vuto likapezeka amaimitsa, monga momwe One UI 7 inaimitsidwira kwa masiku angapo mu Epulo 2025. Mafoni awiri ofanana m'nyumba imodzi angasiyane ndi sabata kapena awiri, ndipo kudina Check for updates kakhumi patsiku sikukusunthani pamzere. Kamodzi patsiku n'kokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi kuchedwa kuli ndi phindu lake: olandira mochedwa nthawi zambiri amalandira pulogalamu yokonzedwa kale.

Pakadutsa mwezi ndi theka anzanu a nambala ndi dera lomwelo atalandira, fufuzani foni yanu. Malo osungira zinthu akadzaza, apudeti imakana kutsika kapena imatsika n'kulephera kulowa. Android watsopano amalemera pafupifupi 2 GB mpaka 4 GB, ndipo amafuna malo ena omasulirapo, choncho siyani 6 GB mpaka 8 GB yopanda kanthu. Pa foni ya 32 GB kapena 64 GB limeneli ndilo vuto lofala kuposa onse, ndipo mavidiyo a WhatsApp ndiwo oyamba kuwayang'ana. Batire likhale pa theka kapena kuposa, kapena foni ikhale patchaja. Mafoni ambiri amadikira Wi-Fi ndipo satsitsa pa data pokhapokha mutawalola. Ngati munadumpha maapudeti ang'onoang'ono am'mbuyo, ikani onse motsatizana, chifukwa yaikuluyo imaoneka pokhapokha foni ili pa nambala inayake. Foni imene inatsegulidwa bootloader kapena kupangidwa root (kuchotsedwa zotchinga kuti munthu azisintha chilichonse m'kati mwake) kawirikawiri siilandiranso apudeti yobwera yokha, ndipo zimenezi zimapezeka pa mafoni ogulidwa kwa munthu wina kapena a msika wa ku China amene wogulitsa anawasintha pulogalamu. Foni yachinyengo, yotengera dzina chabe, sidzalandira chilichonse.

Musaike pulogalamu iliyonse yodzitcha yobweretsa apudeti. Apudeti yeniyeni imabwera kudzera mu Settings kapena pa pulogalamu ya kompyuta ya kampaniyo, monga Smart Switch ya Samsung. Kulowetsa pamanja pulogalamu ya dera lina kumatheka, koma kulakwitsa chilembo chimodzi pa nambala ya foni kungaisiye yosayaka kapena yosagwira netiweki, ndipo nambala ya bootloader ikakwera njira yobwerera yatsekeka. Musanayike Android watsopano, sungani zithunzi, manambala ndi mauthenga kwina. Mukaika, foni imatha kutentha ndi kudya batire kwa masiku awiri kapena atatu pamene ikukonza mapulogalamu onse. Muiweruze pakatha sabata.

Ngati funso lanu ndi la foni yatsopano yolowa m'malo

Ena akamafunsa za liti amatanthauza foni yotsatira pamndandanda, kuti adziwe ngati agule lero kapena adikire. Njira yake ndi yomweyo: lembani miyezi imene mafoni atatu kapena anayi am'mbuyo anatuluka, muone mpata. Galaxy A14 5G inalengezedwa mu Januwale 2023, A15 mu Disembala 2023, A16 5G mu Okutobala 2024, A17 5G mu Ogasiti 2025. Mpata wake ndi miyezi khumi kapena khumi ndi umodzi, ndipo ukuyandikira chakumayambiriro chaka chilichonse. Redmi Note 13 ndi Note 14 anayamba ku China mu Seputembala n'kufika pamsika wa dziko lonse mu Januwale wotsatira. Pixel 7a ndi 8a anatuluka mu Meyi wa 2023 ndi 2024, 9a mu Epulo 2025.

Koma mndandanda wina ulibe dongosolo lotere. iPhone SE inatuluka mu 2016, 2020 ndi 2022, ndipo amene ankadikira yachinayi anaona dzinalo likutha mu Febuluwale 2025 pamene iPhone 16e inalowa m'malo mwake. Mipata ya zaka zinayi, ziwiri ndi zitatu singakuuzeni kanthu. Pamndandanda wotere dalirani zikalata: foni iliyonse isanagulitsidwe imadutsa ku mabungwe ovomereza, monga FCC ku United States, BIS ku India ndi Bluetooth SIG, ndipo nambala yatsopano ikayamba kuoneka m'malo awiri kapena atatu otere, nthawi zambiri kwatsala masabata angapo mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Foni yakale ikayamba kusowa m'masitolo akuluakulu ndi pa tsamba la kampani, chimenechonso ndi chizindikiro.

Kuwerenga kukasonyeza kuti yatsopano ituluka m'miyezi iwiri, ndipo foni imene muli nayo ikugwirabe ntchito, dikirani: mudzagula yatsopano ya lonjezo lathunthu, kapena yakaleyo itatsika mtengo. Ikakhala kuti kwatsala theka la chaka, gulani yomwe ilipo, koma muigule chifukwa cha zimene ikuchita lero, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakati pa mafoni awiri a mtengo wofanana, yang'anani mwezi umene iliyonse inatuluka, Android amene inabadwa naye, ndi deti limene chitetezo chake chidzathere, ndipo sankhani ya malo osungira a 128 GB ndi RAM yosachepera 4 GB kuti maapudeti olonjezedwawo adzapeze pokhala.